Kusamalira wodwala matenda othamanga magazi ndi a mitsempha: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene anamwino timawamva mobwerezabwereza m'zipatala za chigawo chino cha Tete, kaya ndi ku Ulongué, ku Tsangano, ku Furancungo kapena mumzinda wa Tete momwemo. Ena amachokera kwa odwala eni ake. Ambiri amachokera kwa ana, adzukulu ndi apongozi amene amaperekeza makolo kuchipatala, n'kukawasamalira kunyumba miyezi ndi zaka.

Kodi kuthamanga kwa magazi n'chiyani kwenikweni?

Mtima umapopa magazi kuti afike thupi lonse kudzera m'mitsempha. Chimene timayeza pamkono ndi mphamvu imene magaziwo akukankha nayo makoma a mitsempha. Makina amatipatsa manambala awiri. Yapamwamba ndi ya nthawi imene mtima wafinya, yapansi ndi ya nthawi imene ukupumula. Munthu wamkulu wathanzi amakhala cha m'ma 120/80. Tikapeza 140/90 kapena kupitirira apo pa masiku awiri osiyana, timati munthuyo ali ndi matenda othamanga magazi. Kuchipatala kuno mumva akuti tensão alta, tsidya la Malawi akuti BP, ndipo namwino akakuuzani kuti "14 por 9" akutanthauza 140/90 yomweyo.

Mphamvuyi ikakhala yokwera chaka ndi chaka, mitsempha imauma ndi kuchepa njira, ina imatsekeka, ina imaphulika. Zili ngati paipi yothirira dimba imene madzi akuikankha mopitirira muyeso: imayamba kudontha pamene pali pofooka. M'thupi malo oterowo ndi ubongo, mtima, impso, maso ndi miyendo.

Sindikumva kupweteka paliponse. Anganene bwanji kuti ndikudwala?

Matendawa nthawi zambiri sapweteka. Munthu amalima, amapalasa njinga kuchoka ku Dómuè mpaka kumsika, amadya bwino, koma magazi ali pa 170/100. Mutu, chizungulire ndi kugunda kwa mtima zimabwera kwa ena, koma simungadalire zimenezo. Ambiri chizindikiro chawo choyamba chimakhala kufa ziwalo.

Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique wa mu 2005 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, anthu 33 pa 100 alionse anali ndi vutoli. Wa mu 2014 ndi 2015 anapeza pafupifupi 39 pa 100. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwa odwalawo, amene ankadziwa kuti akudwala sankafika ngakhale 15 pa 100. Choncho mukapita kuchipatala ndi malungo, ndi mwana kusikelo, kapena kukatenga ma ARV, pemphani kuti akuyezeni. Sizitenga mphindi zisanu.

Chimayambitsa n'chiyani? Ena amati ndi maganizo.

Maganizo ndi mkwiyo zimakweza magazi kwa kanthawi, koma si muzu wake wokha. Kwa anthu ambiri matendawa amabwera ndi ukalamba komanso kumtundu. Ngati amayi anu, abambo anu kapena amalume anu anafa ziwalo, yambani kuyezetsa msanga. Mchere wambiri, kunenepa, mowa, fodya, matenda a shuga ndi a impso zimawonjezera moto. Si matenda a anthu olemera okha kapena onenepa okha. Timawapeza mwa agogo owonda a kumudzi ngati mmene timawapezera mwa madalaivala a magalimoto akuluakulu a pamsewu wa Zóbuè.

Kodi kuyeza koyenera kumakhala kotani?

Munthu wangofika kumene, wakwera chitunda ndi mwana kumbuyo, thukuta lili kamukamu, ameneyo tikamuyeza pompo manambala anama. Khalani pansi mphindi zisanu. Tsamirani msana, mapazi onse apondere pansi, osapingasa miyendo. Mkono ugone patebulo molingana ndi mtima, lamba wa makina akhale pakhungu, osati pamwamba pa juzi. Kodzani kaye musanayezedwe, ndipo musasute kapena kumwa khofi kwa theka la ola. Poyezedwa musayankhule. Munthu wa mkono waukulu amafunika lamba wamkulu, apo ayi makina amaonetsa manambala okwera kuposa enieni.

Ngati muli ndi makina kunyumba, yezani m'mawa musanamwe mankhwala ndi madzulo, kawiri nthawi iliyonse, n'kulemba m'kope tsiku, ola ndi manambala. Kope limenelo limatithandiza kwambiri kuposa muyeso umodzi wa kuchipatala, pamene ena amakhala ndi mantha.

Mankhwalawa ndidzamwa mpaka liti?

Kwa anthu ambiri, moyo wonse. Yankho limeneli limakhumudwitsa, koma n'loona, ndipo apa ndi pamene timataya anthu ambiri. Tinazolowera mankhwala a malungo: masiku atatu, watha, wachira. Awa ndi osiyana. Sachotsa matenda, amangowagwira kuti asakwere. Manambala akatsika kufika pa 130/80, ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito yake, osati kuti mwachira. Mukasiya, m'masiku kapena masabata ochepa magazi amabwerera pomwe anali, inu osamva kanthu.

Mwani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Mangirirani kumwako ku chinthu chimene simuiwala, monga kusukusula m'mawa. Mukaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo, mwani. Mukakumbukira mawa lake, mwani a tsikulo okha, osaphatikiza awiri. Pitani kukatenga ena kudakali mapiritsi a sabata imodzi, makamaka nyengo ya dzinja pamene mitsinje imadzaza ndipo misewu ya kumidzi imaduka.

Kwa inu osamalira agogo: musangofunsa kuti "Mwamwa?" Agogo ayankha kuti eya pofuna kusakuvutitsani. Werengani mapiritsi otsala m'kapepala.

Chiyambireni mankhwala ndikutsokomola, mapazi akutupa. Ndisiye?

Musasiye nokha, bwerani tikusinthireni. Mankhwala aliwonse ali ndi khalidwe lake. Enalapril ndi captopril amatha kuyambitsa chifuwa chouma chokereketa kukhosi, chimene sichimva mankhwala a chifuwa. Amlodipine ndi nifedipine amatha kutupitsa mapazi cha mu akakolo, ndipo ena amamva mutu masiku oyamba. Hydrochlorothiazide amakodzetsa, n'chifukwa chake timati muzimwa m'mawa kuti usiku mugone. Abambo ena amaona kuti mphamvu za m'banja zachepa, ndipo chifukwa cha manyazi amangosiya mankhwala mwakachetechete. Tiuzeni. Pali mitundu ina yoti tiyese, komanso matenda enieniwo akasiyidwa amawononga mphamvu zomwezo.

Chimodzi chokha n'chosadikira: milomo, lilime kapena nkhope zikatupa mutamwa enalapril kapena captopril, musamwenso, thamangani kuchipatala.

Samalaninso ndi mapiritsi a ululu ogula pamsika. Ibuprofen ndi diclofenac amakweza magazi ndi kulemetsa impso akamamwedwa kawirikawiri. Pa kuphwanya kwa thupi wamba, paracetamol ndiye wabwinoko.

Kuno kumatentha kwambiri. Kutenthako kuli ndi vuto kwa womwa mankhwala?

Inde. Mumzinda wa Tete, ku Moatize ndi m'chigwa chonse cha Zambezi, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu amene akumwa mankhwala okodzetsa n'kumatulukanso thukuta lambiri amatha madzi m'thupi, magazi n'kutsika kwambiri. Akadzuka mofulumira amaona mdima n'kugwa. Mwani madzi pafupipafupi, pokhapokha ngati adokotala anakuikirani muyeso chifukwa cha mtima kapena impso. Podzuka pamphasa yambani mwakhala tsonga pang'ono, kenako imirirani. Mukatsegula m'mimba kapena kusanza kwambiri, fikani kuchipatala tsiku lomwelo kuti tione ngati mankhwala ena ayenera kuima kaye. Mapiritsi asungidwe pamthunzi, osati pawindo kapena m'galimoto.

Akuti ndichepetse mchere. Nanga chicoa ndi kapenta ndisiye?

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kumene kuli pafupifupi sipuni imodzi yaing'ono ya tiyi. Muyeso umenewu ukuphatikiza mchere wonse, ngakhale wobisika. Wobisikawo ndiye wochuluka: uli mu chicoa ndi nsomba zina zouma zothira mchere za ku Cahora Bassa, mu caldo amene timaponya mu ndiwo, mu buledi, mu soseji ndi zakudya za m'zitini, ngakhalenso mu soda amene timafewetsera therere ndi nkhwani.

Sitikunena kuti musiye nsomba. Kwa mabanja ambiri ndiyo ndiwo imene angakwanitse. Inyikeni m'madzi maola angapo, tayani madziwo, thirani ena, tayaninso, ndiyeno phikani osathiranso mchere kapena caldo. Tomato, anyezi, adyo, mandimu ndi nsinjiro zimakometsa ndiwo mokwanira. Chotsani kambale ka mchere pamalo odyera. Sabata zoyamba ndiwo zimamveka zozizira, kenako lilime limazolowera.

Langizo langa kwa ophika ndi lakuti muchepetse mchere mumphika wa banja lonse. Kuphikira agogo kapoto kawokawo kumawachititsa kudziona ngati osalidwa, ndipo amakatapa ndiwo za ana mukatuluka. Anawonso magazi ndi amodzi, kuchepetsako kukuwathandiza.

Nyemba, bonongwe, chisoso, nkhwani, mbatata, nthochi, masau ndi malambe ndi zakudya zabwino ndipo tili nazo. Nyama ya mbuzi idyani mwa apo ndi apo, mutachotsa mafuta.

Nanga fodya, mowa ndi masewera olimbitsa thupi?

Fodya, kaya wa ndudu, chingambwe kapena wofwenkha, amawononga mitsempha mwachindunji. Ku Angónia ndi ku Macanga fodya ndi mbewu imene imaphunzitsa ana ndi kufolera nyumba, sitikukana, koma wodwala matendawa asamusute. Kwa amene miyendo yayamba kale kuvuta, monga tifotokozere kutsogoloku pa funso la miyendo, kusiya fodya ndiye mankhwala oyamba. Mowa wambiri umakweza magazi, ndipo kachasu amaiwalitsanso mankhwala.

Mlimi amene ali ndi khasu m'manja sitimuuza zothamanga. Koma a mu ofesi, ogulitsa m'sitolo ndi madalaivala ayende ndawala theka la ola, masiku asanu pa sabata, m'mawa kapena dzuwa litapepa.

Ndi zizindikiro ziti zofunika kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo?

Kukamwa kukapotoka mbali imodzi, mkono kapena mwendo ukafooka mwadzidzidzi, mawu akayamba kumveka ngati a woledzera kapena kusowa kumene, maso akasiya kuona, kapena mutu ukawawa koopsa mwadzidzidzi, imeneyo ingakhale sitiroko, imene ena kuno amati trombose. Ngakhale zizindikirozo zitatha zokha patapita mphindi zochepa, pitanibe, chifukwa limenelo ndi chenjezo. Kupweteka kwa pachifuwa kofika kumkono kapena kunsagwada limodzi ndi thukuta, ndiponso kubanika pogona chagada, nazonso n'zosadikira mawa.

Pofunafuna galimoto kapena njinga yamoto, m'gonekeni wodwalayo cham'mbali, m'masuleni zovala zothina. Musamupatse madzi, phala kapena mapiritsi, chifukwa akhoza kutsamwa zinthuzo n'kulowa m'mapapo. Musamupatse aspirin: sitiroko ina imabwera chifukwa mtsempha waphulika, ndipo aspirin amawonjezera kutaya magazi. Kumbukirani ola limene zinayamba, tengani mankhwala ake onse. Ngati m'mudzi mwanu muli APE (wothandiza za umoyo wa m'mudzi), muitaneni akuthandizeni kufulumizitsa ulendo.

Makina akunyumba akaonetsa 180/110 kapena kupitirira koma munthu ali bwinobwino, apumule, mumuyezenso. Zikakhala chimodzimodzi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Asamwe mapiritsi owonjezera kuti atsitse msanga.

Bambo athu afa ziwalo mbali imodzi ndipo atulutsidwa m'chipatala. Tiwasamalire bwanji kunyumba?

Apa ntchito ya namwino imasamukira m'manja mwanu, ndipo musanachoke m'chipatala muli ndi ufulu wopempha kuti akuonetseni ndi manja mmene mungachitire.

Choyamba ndi khungu. Munthu wogona malo amodzi amatuluka zilonda pamene fupa likutsamira pogona: pamwamba pa matako, m'chiuno, pazidendene, pamapewa. Atembenuzeni maola awiri alionse, kumanja, chagada, kumanzere. Ikani pilo kapena chitenje chopinda pakati pa mawondo, china pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere osakhudza mphasa. Powasambitsa yang'anani malo amenewa. Pa khungu lakuda simuona kufiira msanga, choncho funani malo amene ada kuposa ena, olimba, otentha kapena onyezimira. Malo otero asagonerenso, ndipo musawatikite. Zofunda zikanyowa ndi mkodzo sinthani pompo, pukutani thupi mosakhula, dzozani mafuta pang'ono. Nyenyeswa za chakudya ndi makwinya a nsalu pansi pa msana n'zokwana kuyambitsa chilonda. Powakweza musawakoke ndi mkono wofookawo, phewa limaguluka.

Chachiwiri ndi kudya. Akhale tsonga, mutu utaweramira kutsogolo pang'ono, ali maso bwinobwino. Apatseni pang'onopang'ono ndi sipuni yaing'ono, mbali ya kukamwa imene ili ndi mphamvu. Phala lolimbirako limamezeka bwino kuposa madzi, amene amatsamwitsa msanga. Akatha, onani ngati chakudya sichinatsalire m'tsaya, atsukeni m'kamwa, ndipo akhalebe tsonga theka la ola. Akamatsokomola pomeza kulikonse, mawu akamamveka ngati muli madzi kukhosi, kapena thupi likatentha, bwererani nawo kuchipatala.

Chachitatu ndi kuyendetsa ziwalo. Tsiku lililonse pindani ndi kuwongola zala, chigongono, bondo ndi phazi mofatsa, osafika popweteka. Mukapanda kutero mfundo zimauma, dzanja limafumbata osatambasukanso. Miyezi yoyamba ndi imene thupi limabwezeretsa mphamvu zambiri, choncho funsani msanga za fisioterapia, chithandizo cha kuchipatala cholimbitsa ziwalo. Chimene angathe kuchita okha, asiyeni achite, ngakhale atenge nthawi ndi kutaya phala pachifuwa.

Pomaliza, ayankhuleni monga bambo a pakhomo. Ambiri amene mawu anasowa amamva zambiri zimene zikunenedwa. Atulutseni akhale pakhonde, afunseni za munda ndi za mbuzi. Kulira kosadziwika chifukwa ndi kukwiya msanga zimachitika pambuyo pa sitiroko, musaziyese chipongwe. Ndipo ntchitoyi musaisiyire munthu mmodzi. Kawirikawiri imagwera mayi a pakhomo kapena mtsikana amene amasiyira sukulu pomwepo. Khalani pansi monga banja, mugawane masiku ndi usiku. Mankhwala othamanga magazi apitirire monga tanenera pamwambapa, chifukwa amene wadwalapo sitiroko ali pachiopsezo cha ina.

Miyendo imandipweteka ndikamayenda, ndikaima imasiya. N'chiyani?

Kupweteka kwa akatumba kobwera mukayenda mtunda n'kutha mukapuma kumasonyeza kuti mitsempha yopititsa magazi kumiyendo yachepa njira. Mapazi amazizira, khungu limawala, kabala kakang'ono sikapola. Zimachitika kwambiri kwa osuta ndi a matenda a shuga. Yang'anani mapazi tsiku lililonse, pansi ndi pakati pa zala. Musayende opanda nsapato, ndipo gwedezani nsapato musanavale. Zikhadabo wengani mowongoka, osati ndi lezala.

Kwa a kumapiri a Angónia ndi Tsangano, kumene Juni ndi Julayi amazizira koopsa: musayandikize mapazi kumoto kapena pambaula. Phazi la dzanzi limapsa mwini wake osamva, ndipo chilonda chotero chimatha kudulitsa mwendo. Valani masokosi. Chala chikayamba kuda, kapena phazi likamapweteka usiku muli gone, pitani kuchipatala msanga.

Mitsempha yotupa yooneka ngati zingwe pakhungu ndi vuto lina. Imeneyo ndi yobwezera magazi kumtima, ndipo imapepukidwa mukakweza miyendo popuma ndi kupewa kuima nthawi yaitali. Koma amene mapazi ake ndi ozizira chifukwa magazi sakufika, kukweza miyendo kapena kumanga bandeji yothina kumawonjezera vuto. N'chifukwa chake tiyenera kuona kaye tisanalangize.

Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, n'kumatentha ndi kupweteka, makamaka mwa munthu wogona nthawi yaitali kapena mayi wangobereka kumene, magazi angakhale ataundana mumtsempha. Musautikite kapena kuuthowa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndine woyembekezera ndipo andiuza kuti magazi akwera. Ndichite chiyani?

Musaphonye sikelo ngakhale kamodzi. Mimba ikapitirira masabata 20, kukwera kwa magazi kungabweretse matenda oopsa kwa mayi ndi mwana. Mutu wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena nyenyezi, kutupa nkhope ndi manja, kupweteka pansi pa nthiti, kapena kukomoka ndi kuphupha, zonsezi ndi za changu, ndipo zingachitike ngakhale masabata angapo mwana atabadwa. Berekerani kuchipatala. Ngati kwanu n'kutali, pitani kuchidikiro nthawi ikadalipo.

Enalapril ndi captopril amavulaza mwana m'mimba. Ngati mumamwa amenewa ndipo mwaima kapena mukufuna kutenga pakati, uzani namwino kuti akusinthireni, nthawi zambiri ku methyldopa kapena nifedipine. Posankha njira yolera nenaninso za matendawa, chifukwa mapiritsi ena olera amakweza magazi.

Kodi tingapite kwa sing'anga kapena kumwa zitsamba?

Munthu akagwa mwadzidzidzi n'kufa ziwalo, n'zomveka kuti abale amafunsa kuti zachokera kuti. Sitinyoza chikhulupiriro cha munthu, ndipo mapemphero amalimbikitsa odwala ambiri. Chimene tikupempha ndi chakuti chipatala chikhale choyamba, ndipo mankhwala asasiyidwe. Adyo, mandimu ndi masamba a chammwamba ndi zakudya zabwino, koma sizilowa m'malo mwa mapiritsi. Mankhwala a m'mabotolo osadziwika zimene zili m'katimo amatha kuwononga impso zimene zafooka kale. Kutema mphini pamwendo umene magazi sakufika bwino kumasiya zilonda zosapola. Ngati mukumwa zitsamba, tiuzeni poyera.

Ndimalandira mankhwala kuno, nthawi zina ku Dedza kapena ku Ntcheu. Pali vuto?

Anthu a m'malire amapita kumene kuli pafupi, ndipo palibe chodabwitsa. Ngozi yake ndi kumwa mankhwala amodzimodzi kawiri, chifukwa mapepala ena alembedwa m'Chipwitikizi, ena m'Chingerezi, ndipo maonekedwe a mapiritsi ndi osiyana. Amlodipina ndi amlodipine ndi chinthu chimodzi. Sankhani chipatala chimodzi chokutsatirani. Mukakakamizika kupita kwina, tengani mapepala a mbali zonse ziwiri.

Pa consulta iliyonse bwerani ndi mankhwala onse m'jumbo limodzi, kuphatikizapo ma ARV, a shuga ndi ogula nokha, komanso kope la manambala lija. Ma ARV ndi mankhwala othamanga magazi amamwedwa limodzi, koma wolemba receita ayenera kudziwa zonse zimene mukumwa. M'mawa wa tsikulo mwani mankhwala anu monga mwa masiku onse, kuti tione mmene akugwirira ntchito. Kamodzi pa chaka funsani ngati angakuyezeni shuga, mkodzo ndi impso. Agogo amene samva bwino kapena sadziwa Chipwitikizi abwere ndi munthu amene amakhala nawo nyumba imodzi, amene adzawapatse mankhwalawo mawa m'mawa.